Mashoko a kathanki aja, ndi ofunikadi kapena ndi matama chabe?

Funso limeneli limandipeza pafupipafupi kuchokera kwa anzanga a ma Hilux ndi ma Cruiser, munthu akangosuzumira pansi pa galimoto yanga n'kuona timathanki tija tolumikizidwa ndi payipi basi wayamba, "amwene zimenezi zimathandizadi kapena mukungotionetsa kuti muli nazo?" Nde ndati ndingofotokoza zonse kamodzi. Yanga ndi Hilux ya dabo kabu, kumbuyo ili ndi kanopi, nthawi zambiri imayenda yolemedwa, madzi, dizilo wa m'zigubu, zitsulo zantchito ndi anthu anayi kapena asanu. Mashoko a kathanki ndakhala nawo nthawi yokwanira kuwadziwa khalidwe lawo, dzuwa ndi mvula yomwe.

Amagwira ntchito, zimenezo sindingatsutse. Koma ntchito yaikulu imene amaposera anzawo ndi kupirira kutentha. Ngati mashoko amene muli nawo panopa sanatenthepo mpaka kufooka muli pa ulendo, ndalama yanu ikhoza kukuchitirani zambiri mukaiika pena.

Anthu ambiri amaganiza kuti shoko ndi imene imanyamula galimoto. Ayi ndithu, wonyamula ndi sipuling'i, kaya ya koyilo kutsogolo kaya zamasamba zija za kumbuyo. Shoko ntchito yake ndi kuletsa sipuling'i kuti isamangodumphadumpha mukaponda bampu. M'kati mwake muli oyilo ndi pisitoni yokhala ndi timabowo ndi timavalavu, tayala likakwera kapena kutsika pisitoni ija imakankha oyilo kuti adutse m'timabowo timeneto movutikira, ndipo mphamvu yonse ya bampu ija siisowa ayi, imasanduka kutentha. Bampu imodzi, kutentha pang'ono, mphepo yaziziritsa, nkhani yatha. Vuto limabwera pa ma corrugation, timabampu tating'onoting'ono totsatizana tija timene timabadwa pa msewu wafumbi nthawi ya chilimwe, tayala limakwera n'kutsika kambirimbiri pa sekondi iliyonse, kwa ola lathunthu osapuma, galimoto ili ndi katundu. Pamenepo shoko ikhoza kutentha kupitirira madigiri 100, osayesa kuigwira ndi dzanja.

Ine ndinaziona bwino zimenezi ndi mashoko akale amene galimoto inabwera nawo, pa chigawo chafumbi cha msewu wochokera ku Rumphi kudzera ku Bolero kukwera ku Nyika. Poyamba zonse bwinobwino. Kenaka tisanafike n'komwe pa geti ya Thazima kumbuyo kunayamba kuvina, ukaponda kabampu galimoto imanjanja katatu kanayi isanakhazikike, pa kona kumbuyo kumafuna kutsetserekera kunja ngakhale liwiro silinasinthe, chiwongolero chikupepuka m'manja. Titaima ndinathira timadzi pa shoko yakumbuyo, tinachita kuti tsss n'kuuma pomwepo, fumbi lili pa shokoyo lanyowa ndi kaoyilo kotuluka pamwamba. Titamwa tiyi n'kupuma kanthawi, galimoto inabwereranso m'chimake ngati palibe chinachitika. Kufooka kwa mashoko ndi kumeneko, akazizira amachira, nchifukwa chake makaniko wa m'tauni akawakankha ndi dzanja mawa lake amakuuzani kuti "bwana awa ndi abwinobwino."

Chimachitika n'chiyani m'katimo? Oyilo akatentha amasungunuka n'kumadutsa m'timabowo tija mosavuta, komanso choipa kwambiri amachita thovu, ndipo pisitoni ikamakankha thovu palibe chimene ikugwira. Taganizani za botolo la Fanta, likakhala lotseka simuona thovu chifukwa pulesha yalipanikiza, mukangotsegula ndi pamene limafufuma. Opanga mashoko amagwiritsa nzeru yomweyo, amaika gasi wa nayitrojeni kuti azipanikiza oyilo nthawi zonse asachite thovu.

Kusiyana kwa mitundu ya mashoko kwagona pa mmene gasi ameneyu amasungidwira. Mashoko wamba ambiri ndi a machubu awiri, ina m'kati mwa inzake, gasi wake ndi wochepa mphamvu ndipo amakhudzana ndi oyilo, kutentha nako kumavutika kutuluka poti makoma ndi awiri. Ubwino wake ndi wotchipa, komanso mwala ukaphwanya chubu yakunja shoko imapitirizabe kugwira. Kenaka pali a chubu imodzi, monotube, nzeru ya mkulu wina wa ku France dzina lake Christian Bourcier de Carbon, imene kampani ya mashoko ya Bilstein inayamba kuika pa ma Mercedes m'chaka cha 1957. Awa ali ndi kapisitoni kachiwiri koyandama kamene kamalekanitsa gasi ndi oyilo kuti asakumane, ndipo khoma ndi limodzi nde kutentha kumatuluka msanga. Shoko ya kathanki ndi monotube yomweyo, kungoti kapisitoni koyandama kaja ndi gasi wake awasamutsira m'kachitini kapadera, chubu yaikulu yonse yatsala ya oyilo yekhayekha. Kachitini kakalumikizidwa ndi payipi ndi kamene amati remote reservoir, kakamamatira pa shoko penipeni popanda payipi amati piggyback. Phindu lake oyilo ndi wambiri, malo otayira kutentha ndi ambiri, ndipo shoko imatha kutambasuka ndi kufupika mtunda wokulirapo poti m'chubu mulibenso gasi wodya malo.

Koma apa pali chinthu chimene ogulitsa sakonda kuchinena. Oyilo sazungulira kupita m'kathanki n'kubwerera ngati madzi a mu radiator ayi. Amene amalowa m'kathanki ndi wochepa, wongofanana ndi malo amene shafuti, kandodo konyezimira kaja, yalanda polowa m'chubu, ikatuluka oyilo yemweyo abwerera. Kutentha kochuluka kumatulukabe kudzera pa thupi la shoko. Nchifukwa chake kunenepa kwa shoko kuli ndi ntchito yaikulu kuposa kukhala ndi kachitini. Mukamva Fox 2.0 kapena King 2.5, manambala amenewo ndi kunenepa kwa thupi la shoko mu mainchi, ndipo BP-51 ya Old Man Emu, 51 ameneyo ndi mamilimita a m'mimba mwa chubu. Kwa ine munthu atandiikira patebulo shoko ya 2.5 yopanda kathanki ndi ya 2.0 ya kathanki, galimoto yake yolemera, ndingatenge yonenepayo osaganiza kawiri.

Tsopano anga aja. Pa ma corrugation galimoto ili yodzaza, pamenepo nde ndimawavulira chipewa. Mmene galimoto ikumvekera ola loyamba ndi mmene imamvekeranso ola lachitatu, kuvina kwa kumbuyo kuja kunatheratu, ukaponda buleki pa timabampu matayala amakhala pansi osati kumangodumpha ABS, kachipangizo koletsa matayala kukakamira pa buleki kaja, ili kulira, ndipo ukalowa mwangozi m'dzenje lobisika ndi fumbi sumva kugunda kwa chitsulo pa chitsulo kuja kopweteka msana. Ndimafika kumene ndikupita mapewa asanatope ndi kulimbana ndi chiwongolero, zimenezi kwa munthu woyenda mtunda wautali si zazing'ono.

M'tauni nkhani ndi ina. Galimoto ikakhala yopanda katundu ndi youma ndithu, timaenje tating'ono ta mu Lilongwe timamveka tonse mpaka m'mano, mayi akunyumba ananena tsiku loyamba lomwe kuti "ndalama zonse zija mwagula kugwedezeka?" kkkk ndipo sanalakwitse kwenikweni. Ali ndi kachotembenuza pa kathanki kofewetsera kapena kulimbitsa, ndikafewetsa zimakhalako bwino, koma tinene zoona, ndi angati amene adzagwada m'fumbi kutembenuza timathanki tinayi nthawi iliyonse akatsitsa katundu? Ine masabata oyamba ndinkasewera nato kwambiri, pano ndinapeza pakatikati n'kusiya pomwepo. Paja mashoko ena ali ndi zotembenuza ziwiri, low speed ndi high speed, anthu amaganiza kuti akunena liwiro la galimoto pomwe akunena liwiro la shafuti. Low speed ndi kupendama kwa pa kona kapena kuwerama mukaponda buleki, high speed ndi pamene tayala lamenya mwala kapena mphepete mwa dzenje mwadzidzidzi ngakhale mukuyenda 30 yokha.

Ndipo pali malo ambiri amene ife timati "msewu woipa" koma kathanki kalibe nawo ntchito. Kwerani Golodi kuchoka pa Chitimba kupita ku Livingstonia, makona aja pafupifupi 20, miyala yokhayokha, giya wani ndi thu, shoko ikuyenda pang'onopang'ono siitentha n'komwe, pamenepo chofunika ndi matayala, mabuleki ndi mutu wa dalaivala. M'matope a mwezi wa Febuluwale chimodzimodzi, mudzatitimira ndi timathanki tanu tonyezimira pomwe mnzanu wa Cruiser yakale ya matayala amano ndi difu loko, chokhoma kuti matayala a mbali zonse ziwiri azizungulira limodzi, akudutsa akukuimikirani dzanja. Winanso amabwera kuti galimoto yanga ikanyamula matumba a chimanga imakhala pansi kumbuyo, ndigule mashoko ngati anuwa? Iyayi achimwene, limenelo ndi vuto la masipuling'i, mukhoza kuika shoko yodula kuposa injini koma kumbuyo kudzakhalabe pansi. Nkhani ya kutambasuka kwambiri ija nayo pa Hilux kutsogolo musaiwerengere kwenikweni, amene amaika malire ndi zitsulo zolumikiza tayala ku galimoto, ma CV, ma ball joint ndi mkono wam'mwamba uja, shoko ingathe kupitirira koma zinzakezo sizilola pokhapokha muzisinthenso, ndalama inanso imeneyo. Pa Land Cruiser 79 ya ekiselo yathunthu kutsogolo ndi kumbuyo ndi pamene phindu limeneli limaonekako.

Tizikumbukira kumene zinthuzi zinakulira. Ku America ndi mipikisano ya m'chipululu ngati Baja 1000 ya ku Mexico imene inayamba mu 1967, galimoto zothamanga liwiro la misala pa mabampu tsiku lonse ndi usiku womwe. Ku Australia, kwawo kwa kampani ya ARB imene inayambira ku Melbourne mu 1975 ndipo ndi eni ake a Old Man Emu, anthu amayenda njira ngati Canning Stock Route, makilomita pafupifupi 1,850 a mchenga ndi ma corrugation, galimoto itasenza mafuta ndi madzi a masabata. Kumeneko shoko ikafa uli pamavuto enieni. Ife kuno misewu yafumbi yambiri ndi yoipa inde koma ndi yaifupi, makilomita 20 kapena 40 wafika pa tala kapena wafika kumudzi, komanso mbuzi, njinga za kabaza ndi ana asukulu sizikulola kuthamanga mpaka shoko kuwira.

Mtengo ndisachite kubisa, ndi wowawa. Seti ya anayi ya mayina odziwika imalowa m'madola masauzande, ndalama ya shoko imodzi ya kathanki ukhoza kugulira mashoko abwinobwino awiri kapena atatu opanda kathanki. Onjezanipo kuwanyamula kuchokera ku Johannesburg, msonkho wa pa boda, ndi kusowa kwa madola kwathu kuno, chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chochokera kunja chimachita kukuluma. Koma ine mtengo wogulira sindiwo umandidetsa nkhawa kwambiri, umalipira kamodzi n'kulira n'kuiwala. Nkhani ili pa kuwasamalira.

Wogulitsa adzakuuzani mokoma kuti awa satayidwa, amamasulidwa n'kukonzedwanso kukhala atsopano. Zoona. Koma kutha kukonzedwa kukutanthauzanso kuti amafuna kukonzedwa. A Fox mwachitsanzo amalangiza kuti ngati mumayenda pa tala pokhapokha muwakonzetse pakatha mamailosi 50,000, amene ndi makilomita pafupifupi 80,000, koma ngati theka la maulendo anu ndi a m'tchire ndi mamailosi 10,000 okha, makilomita 16,000. Kwa munthu wogwira ntchito za m'midzi imeneyo si chaka n'komwe. Ndipo kukonza kwake si kwa pansi pa mtengo wa mango, pamafunika ma seal ake enieni, timphira totseka kuti oyilo asatuluke, oyilo wake wa mashoko, ndi silinda ya nayitrojeni yokhala ndi geji yotha kuika pulesha ya ma psi 150 mpaka 200, kunena kwake mpaka ma bar pafupifupi 14, pomwe tayala la Hilux timapopa ma bar awiri ndi kanthu. Kompulesa wamba ya pa filing'i siteshoni musayese, mpweya wake uli ndi chinyezi. Ndiponso ambiri a iwo ali ndi kavalavu kofanana ndi ka tayala pa kathanki, anyamata a pa galaja amangofuna kuikapo geji ya matayala kuti "tione ngati muli mpweya," auzeni asiye, gasi wake ndi wochepa kwambiri moti ka psss kamodzi kameneko katsitsa kale pulesha. Anthu amene ndikuwadziwa ambiri amangowamasula n'kuwatumiza ku South Africa, nde galimoto ikhala pa miyala masabata angapo pokhapokha ngati munasunga mashoko akale oti mubwezeretsepo podikira. Sungani akalewo, musawapereke kwa mlamu.

Kathanki ndi payipi ndi zinthunso zina zoti zikhoza kuonongeka zimene shoko wamba ilibe. Galaja imene inandiikira anga inadutsitsa payipi ya kutsogolo kumanja pafupi kwambiri ndi tayala, ukakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto mano a tayala amaikhudza pang'ono, osamveka n'komwe. Inadyeka mwakachetechete mpaka tsiku lina m'mawa ndinapeza kadontho ka oyilo pa simenti, kusuzumira, mphira wakunja watha, timawaya ta m'kati tikuoneka tonyowa. Shoko ya kathanki ikataya oyilo ndi gasi imafa yonse nthawi imodzi, ndipo simungalowe m'shopu ya zida za galimoto pa Mzuzu kapena pa Mangochi n'kupeza payipi yake, pomwe shoko wamba ya Hilux ili paliponse. Nde pokuikirani muimirire pomwepo, akweze galimoto matayala alendewere, akhotetse chiwongolero uku ndi uku mpaka kumapeto inu mukuyang'ana payipi ndi maso anu, kathanki kakhale kutali ndi ekizozi komanso pamene miyala yochokera ku tayala lakutsogolo siifika. Miyala yomweyo imabowola timabowo pa shafuti ya mashoko akumbuyo, timabowo timeneto timadya seal, choncho chotchingira shafuti ndi chofunika, BP-51 imabwera nacho kale, ena mumagula padera.

Kanthu kenanso kakang'ono koma kotopetsa, mashoko ena otengera za mpikisano kumapeto kwake alibe mabushu amphira, ali ndi kampira kachitsulo kozungulira m'chisa chake. Pa mpikisano ndi zabwino. Pa fumbi lathu lofiirali kamadyeka n'kuyamba kulira kuti gwede gwede pa kabampu kalikonse mpaka umayesa kuti china chamasuka. Funsani musanagule, a mabushu amphira ndi amene angakupatseni mtendere.

Nanga ayenera kugula ndani? Ngati galimoto yanu imadya ndalama zake m'fumbi, yolemedwa, maola ambiri motsatizana, monga onyamula alendo ku Nyika ndi ku Luangwa, ma Cruiser a mabungwe ndi ma ambulansi othamangira kutali m'nyengo ya chilimwe, kapena inu amene mukukonza ulendo wa misewu ya miyala ya ku Namibia ndi tenti padenga ndi filiji kumbuyo, gulani, simudzadandaula, bola mudziwiretu amene adzawakonze. Koma ngati Prado yanu imakhala pakati pa Area 47 ndi City Centre sabata yonse, kunyanja pa Isitala, kumudzi kukakhala maliro kapena ukwati, mukugula mankhwala a matenda amene mulibe. Ikani masipuling'i ogwirizana ndi katundu amene mumanyamuladi tsiku ndi tsiku, osati amene mumalota kudzanyamula, kenaka monotube yabwino ngati Bilstein 5100, kapena a foam cell onenepa aja a Ironman 4x4 kapena Tough Dog, amene m'malo mwa gasi amaika siponji yapadera m'kati kuti oyilo akhale wambiri ndipo asachite thovu msanga. Alibe payipi, safuna silinda ya nayitrojeni pafupipafupi, ndalama yotsalayo igule matayala olimba m'mbali ndi kakompulesa koyendera batire.

Kakompulesa ndakatchula dala. Theka la mavuto amene anthu amanamizira mashoko ndi matayala opopa mopitirira muyezo, munthu walowa pa fumbi ndi ma bar atatu poti anyamata a pa siteshoni anapopa mmene amapopera minibasi, tayala louma gwa silimeza kanthu, bampu iliyonse ikupita yonse kwa shoko. Ine ndikangotsika pa tala kulowa ma corrugation aatali ndimaphwetsako kufika cha m'ma 1.8 kapena 2.0 kutengera katundu, n'kuchepetsako liwiro, ndikabwerera pa tala ndipopanso. Yesani zimenezi kaye pa msewu umene umakuvutani uja ndi mashoko amene muli nawo, mukafika ima, yandikizani dzanja pa shoko yakumbuyo osaigwira, muonenso ngati galimoto yasintha khalidwe poyerekeza ndi mmene munayambira. Ikakhala kuti ikuvinabe pakatha ola, apo nde yambani kufunsa mitengo ya a kathanki, ndipo wogulitsayo akuuzeni kaye kuti ma seal ndi payipi yapadera ali nazo m'sitolo kapena ayi, ndi kuti shokozo timavalavu take anatichunira kulemera kwa galimoto ngati yanuyo ili ndi bulu ba, winchi ndi kanopi kapena ya m'shoorumu yopanda kanthu.